Woweta Udzudzu wa ku Wusakile

Tinali anthu 58 amene tinayamba limodzi maphunziro a udokotala ku Ndola m'chaka cha 2012. Patapita zaka khumi ndi ziwiri, bungwe lathu la ophunzira akale linaganiza zokhala ndi mkumano, ndipo ine Tionge Chirambo, poti ndine mlembi, anandipatsa ntchito yofufuza kumene aliyense ali. Ambiri tinali kale m'gulu limodzi la WhatsApp, lomwe limadzaza ndi zithunzi za maukwati ndi ana obadwa kumene. Awiri anali atatisiya. Ena anali ku Botswana ndi ku Namibia, mmodzi anasiya chipatala n'kukhala mbusa. Amene ndinalephera kumupeza anali Osward Njobvu.

Osward ndinkakhala naye benchi imodzi mu labu. Iye anali wa ku Wusakile, ine wa ku Nkana East, ndipo Lachisanu lililonse tinkakwera minibasi imodzi kubwerera ku Kitwe. M'kalasi tinkayankhula Chingerezi ndi Chibemba ngati wina aliyense, koma tikatsala awiri tinkabwerera ku Chinyanja, iye cha ku Katete chimene anayamwira kwa makolo ake, ine cha agogo anga amene anachoka ku Malawi kudzakhala kalaliki pa mgodi. Ankandiseka kuti ndimayankhula ngati buku la nyimbo za ku tchalitchi. Pa makina oonera tinthu ting'onoting'ono panalibe womuposa. Ife tikamatuluka thukuta kufunafuna tizilombo ta malungo m'dontho la magazi, iye ankangosuzumira kamodzi n'kunena kuti, "Pita kumanzere pang'ono, kali apo."

Chaka chachitatu chili mkati, anangosowa. Tinamva kuti kunyumba kwawo kwadwala munthu. Foni yake inayamba kusapezeka, mayeso anatipanikiza, ndipo dzina lake linaleka kutchulidwa.

Ndinamupeza ndisakumufuna. Ndimagwira ntchito m'wodi ya ana, ndipo chinkandivutitsa n'chakuti ana ambiri odwala malungo ankachokera m'nyumba zomwe amagona m'neti. Ndinalowa m'kafukufuku wa yunivesite yathu wofuna kudziwa ngati mankhwala a m'manetiwo akuphabe udzudzu wa m'makomboni a Kitwe. Tsiku lina mkulu wa kafukufukuyo anandituma kukaona nyumba yowetera udzudzu, kuseri kwa malabu, pafupi ndi mpanda. Zaka zonse za sukulu sindinadziwe kuti kuli kanyumba koteroko.

M'katimo munali motentha ndi mwachinyezi ngati mobafa. M'mashelefu munali mabeseni a madzi momwe munkasambira timphutsi, ndipo m'mbali munali makola a neti, lililonse lokhala ndi kamkono ka nsalu polowetsera dzanja. Munthu wina anali atakhala pa situlo, mkono wake wamanzere atausanjika pa khola limodzi, udzudzu uli bii pansi pake. Ndi dzanja linalo ankalemba m'kope.

"Tsekani chitseko msanga, chinyezi chituluka," anatero m'Chibemba osatembenuka.

Mawuwo ndinawazindikira. "Osward?"

Anatembenuka pang'onopang'ono. Anali atanenepako, ndevu zili ndi imvi ziwiri zitatu. Anafuna kuimirira koma anakumbukira mkono uja, n'kukhalanso.

"A Dokotala," anatero. "Mundikhululukire, akudya. Atsala ndi mphindi zinayi."

"Dokotala wa chiyani, iwe? Ndine Tionge."

"Ndikudziwa. Ndimakuonani mukamadutsa pa galimoto."

Anali atagwira ntchito pamenepo zaka zinayi. Ankalowera geti lakumbuyo ndi kutulukira komweko, kuopa kukumana ndi aphunzitsi athu akale.

Nkhani yake sanandiuze tsiku limodzi. Inkatuluka pang'onopang'ono, tikamadya chinangwa chootcha pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa kanyumbako. Bambo ake, a Esau, anagwira ntchito pansi pa mgodi zaka 27, akuyang'anira mapampu otulutsa madzi. Lamlungu lina akuchokera ku mapemphero a Reformed anagwa pa msewu, ndipo anadzuka mbali yakumanja itafa, pakamwa patapindika. Mayi ake anali atamwalira kalekale. M'nyumba munatsala alongo ake awiri, onse ali pa sukulu.

"Mwana wamkazi sangasambike bambo ake," anatero Osward. "Azakhali anabwera kuchokera ku Katete, anakhala masabata atatu, munda unawaitana. Ine ndinati ndipume chaka chimodzi. Ndinalemba ndi kalata yomwe."

Chaka chimodzi chinasanduka zaka zinayi ndi theka. Ankawatembenuza bambo ake maola awiri aliwonse kuti asatuluke zilonda, kuwasambika, kuwameta, kuwanyamula pamsana kupita nawo panja kukaothera dzuwa. Ankanyadira chinthu chimodzi: m'zaka zonsezo pathupi pawo sipanaoneke chilonda ngakhale chimodzi. Pakati pa ntchito zimenezi ankaphunzitsa ana a m'komboni masamu ndi sayansi pakhonde. A Esau sankatha kuyankhula bwino, koma mawu amodzi ankatuluka omveka. Ankaloza kumene kuli Ndola ndi dzanja lawo lamoyo n'kunena kuti, "Pita." Iye ankayankha kuti, "Mawa, atate."

Atawaika m'manda kumapeto kwa 2019, malo ake ku sukulu anali atatha kalekale, ndipo mabuku ake anali atadyedwa ndi chiswe. Amene anamutola ndi a Evaristo, mkulu amene anayambitsa nyumba ya udzudzu ija. Anakumana mu minibasi, ndipo a Evaristo anamukumbukira ngati wophunzira yekhayo amene ankabwera kudzafunsa mafunso popanda womutuma. Anamuphunzitsa zonse, ndipo atapuma ntchito n'kupita ku munda wawo ku Mpongwe anamusiyira makiyi ndi makope asanu ndi limodzi.

Kuyambira pamenepo Osward amadzuka kukacha, kukwera minibasi ku Wusakile kupita m'tauni, n'kukwera ina ya ku Ndola. Amasintha madzi a m'mabeseni, kuwaza ufa wa chakudya cha nsomba kuti timphutsi tidye, kusonkhanitsa mazira pa timapepala tonyowa, kuika thonje la madzi a shuga pamwamba pa makola. Kawiri pa sabata amapereka mkono, chifukwa udzudzu waukazi suikira mazira usanamwe magazi, ndipo uwu unazolowera khungu la munthu. Makola onse anasokedwa ndi mkazi wake Felistas, telala wa mayunifomu pa msika wa ku Wusakile.

"Sumaopa malungo?" ndinamufunsa.

"Awa anabadwira muno, makolo awo anabadwira muno. Sanalumepo wodwala, sananunkhizepo mankhwala alionse. N'chifukwa chake ali ofunika. Mukatenga udzudzu wa ku Mindolo n'kuuika pa neti, osafa, mudziwa bwanji ngati vuto ndi udzudzu kapena netiyo? Mumaikanso awa pa neti yomweyo. Awa akafa enawo osafa, ndiye kuti enawo alimba. Popanda awa, kafukufuku wanu ndi nkhambakamwa."

Ndinamuuza za mkumano, ndi kuti ndikufuna ndimuike m'gulu la WhatsApp. Anakana mwaulemu.

"Mumalembamo za anthu amene mwawachita opaleshoni. Ine ndidzalembamo chiyani? Mungolemba kuti simunandipeze."

Sindinalembe chilichonse pa dzina lake.

Mwezi wa Meyi, Lolemba lina m'mawa, anandiimbira foni. Aka kanali koyamba kunditchula dzina. "Tionge, tabwera udzaone."

Loweruka lapitalo kunabwera kampani yopopera mankhwala ophera mphemvu m'nyumba zonse za kumbali imeneyo. Palibe amene anawauza kuti kanyumba ka kumpanda asakakhudze. Mlonda anawatsegulira, iwo anagwira ntchito yawo mokhulupirika. Pansi pa khola lililonse panali podera ndi udzudzu wakufa. M'mabeseni timphutsi tinali titayandama, osagwedezeka. Mtundu umene a Evaristo anausunga kuyambira 2013 unatha tsiku limodzi.

Osward sanakalipe. Mlonda uja anabwera atagwira chipewa m'manja, ndipo Osward anamuuza kuti, "Inu munatsegula chitseko chimene anakuuzani kuti mutsegule. Pitani mukapume." Kenako anayamba kutulutsa makola limodzilimodzi n'kuwaunjika panja, chifukwa neti yomwe yamwa mankhwala singagwirenso ntchito. Atafika pa khola lomaliza anakhala pansi pa simenti. Ine ndinakhala naye pomwepo.

"Ndiwauza bwanji a Evaristo?" anatero.

Mkulu wa kafukufuku anati tiitanitse mazira kunja kwa dziko, koma zilolezo zake zikanatenga miyezi yambiri. Masana omwewo Osward anatulutsa limodzi mwa makope aja n'kundionetsa tsamba lina. M'chaka cha 2019 a Evaristo anatumiza mazira a mtundu womwewo ku labu ya chipatala china cha mishoni kum'mawa, kupitirira Chipata. Ndinayang'ana dzina la malowo n'kuseka mosafuna.

"Kumeneko kuli Luntha Gondwe. Wa m'kalasi mwathu."

"Ndikudziwa," anatero. "Ndinadziwa kuyambira m'mawa."

Luntha ndinamuimbira, ndipo anavomera nthawi yomweyo. Udzudzu unalipo, mazira akanapezeka Lachinayi. Vuto linali ulendo. Mazira a udzudzu umenewu sapirira: akauma afa, akatenthedwa afa, akakhalitsa amaswa panjira. M'buti ya basi sakanafika amoyo, ndipo galimoto ya kafukufuku inali ku galaja. Pankafunika anthu oti alandizane kuchokera kum'mawa, kudzera ku Lusaka, mpaka ku Ndola m'masiku awiri.

"Ndilemba m'gulu lathu," ndinatero. "Sindikutchula dzina."

Anaganiza kanthawi akukanda mkono. "Ukalemba iwe usokoneza. Wina adzawaika mufiriji. Ndiikemo, ndifotokoze ndekha."

Uthenga wake ndinausunga. Unayamba chonchi: "Ndine Osward Njobvu, amene ndinali nanu mpaka chaka chachitatu. Ndikupempha thandizo." Kenako anafotokoza bwinobwino kuti bokosi likhale pamthunzi, lisatsegulidwe, lisagonekedwe cham'mbali, lisalowe mufiriji.

Kwa theka la ola panalibe woyankha, ngakhale ndinkaona kuti anthu awerenga. Kenako Ruby, amene ndi dokotala wa amayi ku Chipata, analemba kuti, "Osward wathu uja? Ndikupita ku Lusaka Lachisanu ku msonkhano. Ndinyamula." Zitatero mauthenga anayamba kugwa ngati matalala. Wina anakumbutsa za mmene Osward anamupulumutsira pa mayeso a tizilombo. Wina, mosaganiza, anafunsa kuti, "Uli chipatala chiti masiku ano, bwana?"

Ndinamuona akuwerenga funsolo. Analemba, n'kufufuta, n'kulembanso. "Sindili pa chipatala. Ndimaweta udzudzu."

Amene anatenga bokosilo ku Lusaka ndi Cyril Mhango, wapampando wa bungwe lathu, dokotala wa mafupa amene sapezeka ngakhale pa foni. Anasintha ntchito zake za Loweruka n'kuyendetsa yekha galimoto. Anafika cha m'ma 14 hours, bokosi lili pa mpando wakutsogolo atalimanga lamba, ataliphimba ndi jekete lake.

"Sindinaime ngakhale pa Kapiri," anatero potsika. "Chikhodzodzo changa chikudziwa."

Anakumbatirana mwamanyazi, ngati anthu amene sakudziwa kuti ayambire pati. Osward anatenga bokosilo n'kulowa nalo m'chipinda chosungiramo katundu chimene anachikonza mongoyembekezera, poti kanyumba kaja kankafunika kutsukidwa ndi kupentedwanso. Anatsetsereza timapepala tija m'mabeseni a madzi mosamala, ife tikuonerera pakhomo. Atatuluka, Cyril anamukokera pambali, koma ndinamva.

"Osward, ife tilipo ambiri tsopano. Tikhoza kukuthandiza ubwerere, umalize. Mutu ngati wako suyenera kuthera muno."

"Zikomo, Cyril. Ukanandiuza zimenezi zaka zisanu ndi zitatu zapitazo ndikanalira. Pano ndili ndi mkazi, ndili ndi mwana, Chiyanjano, amene wayamba giredi yoyamba. Ndipo muno simothera. Ukadzabwera pakatha miyezi itatu udzaona."

Cyril anayang'ana pansi. "Ndalakwa kayankhulidwe."

"Sunalakwe. Tiye ukadye, wayenda ulendo wautali."

Mwa mazira mazanamazana aja, amene anaswa sanakwane zana. Osward anayamba kubwera ndi Lamlungu lomwe, akatuluka m'tchalitchi. Felistas anasoka makola atsopano khumi ndi awiri, ndipo tsiku lowabweretsa anabwera yekha kudzaona kumene mwamuna wake amathera masiku. Anayang'ana mabeseni, n'kuyang'ana mkono wa Osward wodzaza timadontho tofiira.

"A Dokotala," anandiuza, "kwathu anthu amandifunsa kuti amuna anu amagwira ntchito yanji. Ndikanena zoona amaseka. Ndiye ndimangoti ali ku yunivesite."

"Muziwauza kuti popanda iwo ife madokotala tikungoyenda mumdima."

"Zimenezo mukawauze ndinu. Ine sangandikhulupirire."

M'gulu la WhatsApp anthu anayamba kufunsa za udzudzuwo ngati akufunsa za wodwala. Osward ankayankha mwachidule: mbadwo wachiwiri waikira, mbadwo wachitatu wachuluka. Anawauza a Evaristo za ngoziyo pa foni patapita mwezi wathunthu, zinthu zitayamba kuoneka. Mkuluyo anangoti, "Ndinamva kale. Ndimadikira kuti undiuze wekha."

Mkumano unachitika mu Ogasiti, mu holo ina ku Kitwe. Pokonzekera panabuka nkhani imene sindinaiyembekezere. Malamulo a bungwe lathu amati membala ndi amene anamaliza maphunziro n'kulandira digiri. Cyril anapempha kuti lamulolo lisinthidwe, koma ena anakana. Sanali anthu oipa mtima. Ankati tikatsegula chitseko chimenechi, alowanso amene anachotsedwa chifukwa chobera mayeso. Anakangana mpaka nkhaniyo anaikankhira ku komiti, ndipo mpaka lero komitiyo sinagamule. Osward tinamuitana ngati mlendo. Ndinachita manyazi pomupatsa khadi lolembedwa choncho, koma iye analiwerenga n'kuliika m'thumba la shati.

Anabwera ndi Felistas, atavala suti imene anakwatira nayo. Titadya, Cyril anamupempha kuti anenepo mawu. Anaimirira pamalo pake, osapita kutsogolo.

"Za umembala musavutike nazo," anatero. "Ndikufuna kupempha china. Chaka chilichonse pa sukulu paja pamasowa mwana mmodzi kapena awiri. Ine ndimawaona, chifukwa asanasowe amayamba kukhala okha kumpanda kuja. Pamene ine ndinachoka, ndinakhala zaka zinayi ndi theka pa nyumba imodzi, pa msewu umodzi. Sindikudandaula, munali ndi mayeso. Koma masiku ena ndikamva minibasi yaima pa siteji, ndinkasuzumira pa windo. Mukamva kuti mwana wasowa, wina apite akagogode. Ngakhale asatenge kanthu."

Anakhala pansi. Ine ndinkadziwa siteji imeneyo. Ndinaidutsa kambirimbiri m'zaka zimenezo, ndipo nthawi zina ndinkaganiza zotsika, n'kunena mumtima kuti sabata yamawa. Titatuluka ndinamupeza pa khomo akudikira Felistas.

"Osward, ine ndinkadziwa pamene unkatsikira."

"Ndikudziwa."

"Pepa."

"Ndamva," anatero. Sananene kuti palibe kanthu, ndipo ndinamulemekeza chifukwa cha zimenezo.

Pempho lake linagwira pang'ono. Tinasankha anthu anayi okhala ku Ndola ndi ku Kitwe kuti azilumikizana ndi ofesi yoona za ophunzira. Pofika pano tagogoda pa makomo atatu. Mtsikana mmodzi wa ku Chifubu anabwerera m'kalasi. Wina tinamupeza atapita kale ku Solwezi kukafuna ntchito, ndipo wachitatu anatiuza kuti udokotala sankaufuna n'komwe, ankangokondweretsa amalume ake.

Kafukufuku wathu anachedwa ndi miyezi isanu ndi iwiri. Zotsatira zake tinazipereka kwa oyang'anira zaumoyo, ndipo pa lipotilo dzina la Osward lili lachinayi mwa asanu ndi awiri. Mkulu wa kafukufuku poyamba ankafuna kumuika m'ndime yothokoza, pamodzi ndi madalaivala, koma Luntha ndi ine tinakana kusaina. Osward atalandira kope lake analiwerenga lonse ataimirira, n'kupeza kuti pa tsamba lachisanu ndi chitatu tinalakwitsa kutentha kwa chipinda. Tinakonza.

Mvula yoyamba itagwa mu Novembala, kafukufukuyo akadali mkati, tinapita limodzi ku Mindolo kukatunga timphutsi ta udzudzu wakutchire m'zithaphwi za kuseri kwa nyumba. Iye anali patsogolo ndi chikho chomangirira ku ndodo, ine pambuyo ndi ndowa, nsapato zanga zikumira m'matope. Mayi wina amene ankayanika zovala anatiyang'ana nthawi yaitali, kenako anafunsa m'Chibemba kuti tataya chiyani m'madzimo. Osward anamuitana, n'kumuonetsa tinthu tikuvinavina m'chikhomo, n'kumufotokozera kuti pakatha sabata timeneti tikhala tikuuluka m'chipinda cha ana ake. Mayiyo anaitana mnzake wa nyumba yoyandikana, mnzakeyo anaitana wina. Tisanachoke, amayi asanu anali atatenga makasu akukwirira chithaphwicho, ndipo Osward ankawachonderera kuti adikire kaye atungeko zokwanira.